Musananyamuke, Werengani Matologeti

Amene muli pakhonde kudikira nsima, amene mukutseka golosale, ndi inu madalaivala amene mwatsegula wailesi muli pa chiwongolero, takulandirani nonse. Inu a pa chiwongolero tangobwereka makutu okha, maso akhale pamsewu.

Lero tikambirana za ndalama ina imene ambiri timaiiwala pokonza ulendo wa pagalimoto. Munthu akamakonzekera ulendo, mafunso ake amakhala awiri: mafuta alowa a zingati, nanga tikadya chiyani panjira. Za tologeti zimakumbukika galimoto itaima kale pamzere, chitsulo chotchinga chili kutsogolo, am'mbuyo akuliza hutala, dalaivala n'kutembenukira kumpando wakumbuyo amvekere, "Abale, alipo ali ndi chenje?" Ndiye tikufuna kuti funso limeneli lizifunsidwa kunyumba, pa tebulo, ulendo usanayambe.

Tiyenda motere. Tiyamba ndi msewu wathu wa M1, chifukwa ndi wosavuta kuwerengera. Kenako tikwera galimoto yomweyo ulendo wa ku Joni, kudzera ku Tete ndi ku Harare, kumene nkhaniyi imakula. Tikabwerako tisuzumira pang'ono msewu wa ku Lusaka, ndipo pomaliza tiyankha funso limene madalaivala amakonda kufunsana, lakuti kodi kuzemba geti kumapulumutsadi ndalama. Ngati muli ndi cholembera pafupi, chitengeni. Ngati mulibe, musadandaule, zala za dzanja limodzi zikwanira.

Choyamba kumvetsa ndi ichi. Mafuta amatha molingana ndi kutalika kwa ulendo. Tologeti simayendera zimenezo. Ili ngati bwato lowolotsa anthu pamtsinje: mwini bwato safunsa ngati mwachokera kutali kapena mwachokera kuseri kwa chulu, mwakwera basi mwalipira. Wochokera ku Karonga ndi wochokera mudzi woyandikana ndi geti, akakhala pa galimoto zofanana ndipo palibe amene analembetsa zochotseredwa, amapereka ndalama yofanana. Choncho powerengera za tologeti, makilomita asiyeni kaye pambali. Werengani mageti. Ndibwereze, chifukwa pulogalamu yonse ya lero yatsamira pamenepa: werengani mageti amene mudutse.

Tiyeni tione pa M1. Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre pali matologeti awiri odziwika, ya Kalinyeke m'boma la Dedza ndi ya Chingeni ku Ntcheu. Ya Chingeni ndi imene inayamba kulipiritsa, mu Novembala 2021, ndipo ya Kalinyeke inatsatira kumayambiriro kwa 2022. Amene amatolera ndalamazi ndi bungwe la Roads Fund Administration, limene ambiri amangoti RFA. Pano pali chosokoneza pang'ono chimene ndi bwino kuchidziwa. RFA ndi yosunga thumba la misewu, pomwe yoyang'anira ntchito yomanga ndi kukonza misewuyo ndi Roads Authority. Mukafuna kudziwa mtengo wa pageti, ofunsidwa ndi a RFA. Thumba limeneli silidalira matologeti okha ayi, gawo lina limachokera ku ndalama imene timalipira pa lita iliyonse ya mafuta. N'chifukwa chake mumamva madalaivala akung'ung'udza kuti tikulipira kawiri, makamaka akangodutsa geti n'kugwera m'dzenje. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo ine ndimati wolipira ali ndi ufulu wonse wofunsa kumene ndalama yake yapita. Koma imeneyo ndi pulogalamu ya tsiku lina. Lero tikungofuna kuti mukafika pa geti, ndalama ikhale ili m'manja.

Tawerenga mageti, apezeka awiri. Chachiwiri ndi kudziwa gulu la galimoto yanu. Pa geti lililonse pali chikwangwani cha mitengo, ndipo mitengoyo imakwera molingana ndi kukula kwa galimoto. Yaing'ono ya pabanja ili pansi penipeni, minibasi ili pamwamba pake, kenako mabasi ndi malole malinga ndi mipando kapena kulemera kwake, mpaka kukafika pa mathiraki onyamula katundu wamkulu modabwitsa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: thiraki imodzi yodzaza simenti imafinya phula kuposa timagalimoto tambirimbiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Bambo amene anazolowera kuyenda pa kagalimoto kake, tsiku la ukwati wa mwana wake wachita hayala minibasi, koma m'mutu mwake akuwerengerabe mtengo wa kagalimoto kaja.

Chachitatu ndi chimene chimaiwalika kuposa zonse: mubwereranso. Geti limene mwalipira popita likudikiraninso pobwerera. Mageti awiri, kupita ndi kubwera, ndiye kuti mulipira kanayi.

Tiyeni tiyesere limodzi ndi manambala osavuta kumva. Matologeti atangoyamba, galimoto yaing'ono inkalipira K1,700. Anthu anadandaula kwambiri, makamaka a maminibasi, ndipo kumayambiriro kwa 2022 boma linatsitsa mtengowo kufika pa K1,000. Tigwiritse ntchito mtengo wa nthawi imeneyo ngati chitsanzo chabe. K1,000 pa Kalinyeke, K1,000 pa Chingeni, zakwana K2,000 kukafika ku Blantyre. Pobwerera chimodzimodzi. Ulendo wonse K4,000. Minibasi nthawi imeneyo inaikidwa pa K2,000 geti limodzi, ndiye ulendo womwewo unkadya K8,000. Mwaona mmene gulu la galimoto lasinthira nkhani.

Koma chonde, musalembe manambala amenewa ngati mitengo ya lero. Ndawatchula dala kuti muone zinthu ziwiri: mawerengedwe ake, komanso kuti mtengo wa pageti umasintha. Unasintha patangopita miyezi yochepa chiyambireni, ndipo boma lingathe kuusintha nthawi ina iliyonse, monganso lakhala likunena kuti lionjezera mageti pa misewu ina. Mtengo weniweni muupeze kwa a RFA, pa zidziwitso zawo za m'nyuzipepala ndi pa intaneti, kapena kwa dalaivala wa basi amene wadutsa pamenepo sabata ino. Ndikuti sabata ino, osati chaka chatha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tisanapume, tibwereze zala zitatu zija. Chala choyamba, mageti ndi angati. Chachiwiri, galimoto yanga ili m'gulu liti. Chachitatu, kupita ndi kubwera. Tikabweranso, tiwoloka malire.

(Nyimbo pang'ono)

Takulandiraninso. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za mmene mungawerengere ndalama za matologeti musananyamuke, ndipo tagwirizana kuti chowerenga ndi mageti.

Tsopano tinyamuke ku Blantyre ulendo wa ku Johannesburg. Ndi msewu umene Amalawi ambiri amaudziwa, ena pa basi, ena pa galimoto zawo, makamaka mu Disembala pamene abale athu a ku Joni amabwera kudzaona kumudzi atakoka ngolo yodzaza katundu. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 1,700, ndipo umadutsa maiko anayi. Pamenepa tionjezera chala chachinayi: geti lililonse limafuna ndalama ya dziko lake. Kwacha yathu imathera pa Mwanza.

Mukatuluka pa boda ya Mwanza mwalowa Mozambique pa Zobue. Msewu umatsika kudzera ku Moatize, dera la migodi ya malasha, mpaka kukafika pa mtsinje wa Zambezi mu mzinda wa Tete. Pali milatho iwiri. Wakale ndi uja wolenjekeka pa zingwe, wotchedwa Samora Machel, umene umakulowetsani mumzinda mwenimweni. Watsopano ndi wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzindawo, ndipo mathiraki olemera amadzera kumeneko. Kuwoloka Zambezi n'kolipira, ndipo ndalama ya kumeneko ndi metical. Mukaona chikwangwani cholembedwa kuti Portagem, yambani kuchepetsa liwiro, geti lili pafupi. Chigawo cha Mozambique n'chachifupi pa ulendowu, ndiye simufunika ndalama zambiri za kumeneko, koma zochepazo zikhalepo ndithu, ndipo zikhale zing'onozing'ono.

Dziko la Mozambique likutiphunzitsanso chifukwa chimene ndikulimbikira kuti muzifunsa nkhani zatsopano. Kumapeto kwa 2024, pa nthawi ya zionetsero zimene zinatsatira chisankho, mageti ena m'dzikomo anasiya kaye kulipiritsa, kenako anadzayambiranso. Ndiye mlamu wanu amene anadutsa nthawi imeneyo akhoza kukuuzani ndi mtima wonse kuti geti lakutilakuti salipiritsa. Sakunama, akunena zimene anaona. Kungoti zimene anaonazo zinatha.

Kuchoka ku Tete mumalowera ku Changara, n'kukatuluka pa Cuchamano, kutsidya kwake ndi Nyamapanda, dziko la Zimbabwe. Pano ndiime pang'ono, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza n'kusokonezeka nazo. Pali ndalama za pa boda, ndiye pali ndalama za pa tologeti. Si chinthu chimodzi. Pa boda, galimoto ya nambala yakunja imafunika chilolezo cholowera m'dziko kwa kanthawi, imalipira yogwiritsira ntchito msewu, msonkho wa utsi umene amati carbon tax, komanso inshuwalansi. Zimenezi mumalipira polowa. Mukalipira zonsezo mtima umakhala ngati wamaliza, ndiye mukakumana ndi geti loyamba kutsogoloko mumadabwa kuti nanga ndalipira zija zinali za chiyani. Pa pepala lanu lembani mizere iwiri yosiyana, wina wa pa boda, wina wa mageti a mumsewu.

Kunena za inshuwalansi, ngakhale si tologeti, imatuluka m'thumba lomwelo ndiye ndiitchule. Pali Yellow Card ya COMESA imene mungagule konkuno musananyamuke, ndipo imagwira ntchito ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Mozambique sili m'bungwe la COMESA, kotero kumeneko mumagula inshuwalansi yawo polowa.

Ku Zimbabwe matologeti anayamba mu 2009, ndipo bungwe loyang'anira ndi ZINARA. Kuchokera pa Nyamapanda kudzera ku Mutoko mpaka ku Harare mukumana ndi mageti, ndipo kuchoka ku Harare kulowera kumwera, kudzera ku Chivhu ndi Masvingo mpaka ku Beitbridge, mukumana ndi ena angapo, kuyambira ndi la Skyline mukangotuluka mumzinda. Chigawo cha Harare mpaka Beitbridge chokha ndi makilomita pafupifupi 580. Chofunika kudziwa n'chakuti kuyambira 2024 dziko la Zimbabwe linasiyanitsa mitengo. Misewu ikuluikulu iwiri, wa Harare kupita ku Beitbridge ndi wa Plumtree kupita ku Mutare, inaikidwa pa mtengo wokwererapo kuposa misewu ina. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: musatenge mtengo wa geti loyamba limene mwalipira mutachoka pa Nyamapanda n'kuuchulukitsa ndi mageti onse a m'dzikomo. A kumwera kwa Harare ndi odulirapo.

Ndalama yoti munyamule kumeneko ndi madola a ku America. Dzikolo lili ndi ndalama yakeyake, ZiG, imene inayamba mu 2024, koma kwa mlendo wodutsa madola ndi amene savuta. Ndipo mverani apa: akhale madola ang'onoang'ono, a wani, a faifi, osang'ambika. Chenje chimavuta. Munthu amene wanyamula pepala limodzi lalikulu la madola ali ndi ndalama ndithu, koma pa windo la tologeti ali ngati alibe.

Pa Beitbridge mumawoloka mtsinje wa Limpopo. Boda imeneyi inamangidwanso posachedwapa ndi kampani ya Zimborders, ndipo galimoto imalipira podutsapo. Ndalama imeneyi ndi yokulirapo kuposa ya tologeti wamba, ndiye ilembeni payokha pa mzere uja wa za pa boda, ndipo muifunsiretu bwino, popita ndi pobwerera pomwe.

Tafika ku South Africa, pa msewu wa N1. Kuno kuwerengera n'kosavuta, chifukwa mageti ake ndi odziwika ndipo mitengo imasindikizidwa poyera. Kuchokera ku Musina kukafika ku Pretoria pali mageti akuluakulu asanu ndi limodzi. Ndiwatchula pang'onopang'ono, motsatana mmene mukumanirane nawo. Baobab, musanafike ku Louis Trichardt. Capricorn, musanafike ku Polokwane. Kenako Nyl. Kenako Kranskop. Kenako Carousel. Ndipo lomaliza Pumulani, pakhomo pa Pretoria. Ndibwereze: Baobab, Capricorn, Nyl, Kranskop, Carousel, Pumulani. Anayi oyambawo ali m'manja mwa SANRAL, bungwe la boma loyang'anira misewu ikuluikulu, pomwe awiri omalizawo amayendetsedwa ndi kampani ya Bakwena. Kupita ndi kubwera, ndiye kuti mulipira ka 12.

Mageti amenewa mitengo yake si yofanana. Lina ndi lotsika kwambiri, lina limadula kangapo kuposa linzake. Ndiye kuno njira ija yochulukitsa mtengo umodzi sigwira. Muyenera kupeza mtengo wa geti lililonse n'kuphatikiza. Mndandanda wa mitengo umapezeka pa intaneti, ndipo umasintha chaka chilichonse kumayambiriro kwa Malichi. Amene anayenda mu Disembala, akafuna kuyendanso pa Pasaka, ayang'anenso mndandanda.

Poyang'ana mndandandawo pali msampha umodzi. Dzina limodzi la geti limatha kuoneka kawiri, pena palembedwa mainline, pena palembedwa ramp. Mainline ndi geti lalikulu la pamsewu weniweni, limene inu wopita kutali mudutsepo. Ramp ndi kageti ka pambali, ka anthu amene akupatuka kapena kulowa mumsewu pamalopo, ndipo nthawi zambiri mtengo wake ndi wotsika. Diso la munthu wofuna kusunga ndalama limathamangira nambala yaing'ono. Inu tengani ya mainline.

Magulu a galimoto ku South Africa ndi anayi. Loyamba ndi la galimoto zing'onozing'ono, ndipo atatu enawo ndi a galimoto zolemera, amene amasiyanitsidwa powerenga maekiselo, kunena kuti mizere ya matayala pansi pa galimoto. Mizere ikachuluka, mtengo umakwera. Kwa inu amene mukoke ngolo, funsani m'dziko lililonse ngati ngoloyo ikusintha gulu lanu, chifukwa malamulo a maiko anayiwa safanana, ndipo pa boda ngolo imakhala ndi mapepala akeake.

Mukafika pa geti la ku South Africa muona mizere ingapo, ndipo pamwamba pa mzere uliwonse pali chizindikiro. Mizere ina ndi ya okhawo amene ali ndi kachipangizo komata pagalasi kotchedwa e-tag, amene amangodutsa chitsulo n'kutseguka chokha. Mlendo asalowe mzere umenewo, chifukwa kubwerera m'mbuyo pamene magalimoto adzaza kumbuyo kwanu ndi chinthu chochititsa manyazi komanso choopsa. Lowani mzere umene pali munthu wolandira ndalama. Za kadi ya kubanki ya kwathu kuno, malangizo anga ndi akuti musaidalire pa geti. Ikagwira, zikomo. Ikakana, kapena netiweki ikavuta, mukhale muli ndi marandi m'thumba.

Mwina ena mukukumbukira zitsulo zija zopingasa pamwamba pa misewu ya Johannesburg ndi Pretoria, zojambula nambala ya galimoto, zimene ankati e-toll. Zinayamba mu Disembala 2013, anthu ambiri a kumeneko anakana kulipira kwa zaka zambiri, mpaka boma linazithimitsa mu Epulo 2024. Zimenezo musaziwerengerenso. Koma pali anthu amene anangomva kuti "e-toll yatha" n'kuganiza kuti matologeti onse a ku Joni atha. Ayi ndithu. Asanu ndi limodzi aja alipo ndipo akulipiritsa.

Tsono mukaphatikiza zonsezi, musathamangire kuzisandutsa makwacha n'kukhala ndi nambala imodzi yaikulu. Nambala imodzi imanyenga. Konzani maenvulopu, dziko lililonse yakeyake: ya makwacha, ya metical, ya madola, ya marandi. Envulopu iliyonse muigawe pawiri, za popita ndi za pobwerera, ndipo za pobwererazo zikhale kutali ndi dzanja. Amene anayendako akudziwa mmene marandi amathera m'mashopu a ku Johannesburg tsiku lomaliza. Muikemonso kena kapamwamba, kokwana geti limodzi kapena awiri, kuchitira mtengo umene wakwera inu musanamve kapena geti latsopano. Ndipo mukafuna kudziwa kuti ulendo wonse wadya makwacha angati, werengerani pa mtengo umene mwaguliradi ndalama zakunjazo. Tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza kuno, ndipo tikukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Bajeti imene inalembedwa mwezi wathawo inasanduka pepala chabe. Yambani kufunafuna madola ndi marandi kubanki kukadali masabata, osati dzulo la ulendo.

Tipume kaye pang'ono. Tikabweranso tilowera ku Chipata.

(Nyimbo pang'ono)

Tabweranso, ndipo tipereke moni wapadera kwa abale athu amene akutimvera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke.

Msewu wa ku Lusaka tiudutsa mwachangu, chifukwa njira yowerengera ndi yomwe ija. Mukatuluka pa Mchinji n'kulowa pa Mwami, muli pa Great East Road. Matologeti a ku Zambia amayendetsedwa ndi National Road Fund Agency, ndipo pa msewu umenewu mukumana nawo chakufupi ndi Katete, chaku Nyimba, komanso ku Chongwe mukamayandikira Lusaka. Galimoto ya nambala yakunja imalipira ya msewu pa boda, ndipo lisiti lake mulisunge pafupi chifukwa akhoza kulifunsa kutsogolo. Chosokoneza cha kuno ndi dzina la ndalama. Nawonso amati kwacha. Mnzanu wa ku Chipata akakuuzani pa foni mtengo wa geti, nambala yake imveka yaing'ono moseketsa, mpaka mungaganize kuti ndi ya switi. Akunena kwacha ya Zambia, imene imodzi yokha imagula makwacha athu ambirimbiri. Mukamva mtengo, funsani kuti kwacha yake iti.

Ku Zambia, ngatinso ku South Africa, anthu okhala pafupi ndi geti ndi amene amadutsa pafupipafupi amachotseredwako, koma amayamba alembetsa. Inu a ulendo wa kamodzi musawerengere mtengo umenewo, ngakhale msuweni wanu wokhala pafupi ndi geti akuuzeni kuti iye amalipira zochepa.

Tsopano funso lija: kodi kuzemba geti kumapulumutsa ndalama? Sindikunena zozembera m'minda mwa anthu kapena m'tinjira ta m'midzi, zimenezo n'kulakwira lamulo komanso kuwonongera anthu. Ndikunena kusankha msewu wina wovomerezeka. Ku South Africa, mwachitsanzo, pali msewu wakale wa R101 umene umayenda moyandikana ndi N1 m'madera ambiri. Kwathu kuno wina akhoza kuganiza zodzera kunyanja, ku Salima ndi ku Golomoti, m'malo mwa Dedza.

Yankho lili pa masamu ang'onoang'ono. Galimoto yaing'ono imayenda makilomita pakati pa 10 ndi 15 pa lita imodzi ya petulo. Kwathu kuno lita imodzi ya petulo ndi yodula kuposa ndalama imene galimoto yaing'ono imalipira pa geti limodzi. Ndiye njira yanu yozungulira ikangotalikirapo ndi makilomita 15 okha, zimene mwapulumutsa pa geti mwazisiya kale pa filing'i siteshoni, n'kuonjezeranso zina. Sitinawerengere nthawi, matayala, ndi mashokabu. Ku South Africa nkhani imasiyanako, chifukwa mageti ena ndi odula ndithu ndipo msewu wakale sutalika kwenikweni. Koma umadutsa m'matauni, muli maloboti, mathiraki oyenda pang'onopang'ono, ndipo kwa mlendo amene sadziwa dera, makamaka usiku, ine sindingamulangize kuchoka pa N1 chifukwa cha marandi ochepa. Mukadzera kunyanja chifukwa mukufuna kugula chambo kapena kuona abale ku Salima, chimenecho ndi chifukwa chomveka. Koma pothawa geti pokha, masamu amakana.

Kanthu kena kamene kamayambanitsa anthu pa maulendo a pagulu ndi kakuti alipire ndani. Mwachita hayala minibasi ya kumaliro, ya kuukwati, kapena ya kwaya ya kumpingo. Mwagwirizana mtengo ndi mwini galimoto, mwapatsana chanza. Mwafika pa Chingeni, dalaivala watambasula dzanja kumbuyo, msungichuma wa gulu akuti tinalipira kale zonse. Mkangano umayambira pamenepo, anthu ali ndi chisoni cha maliro kale. Pokambirana mtengo wa hayala, funsani mawu awa momveka: "Kodi ya pa tologeti ili momwemo?" Ndipo amene walipira pa geti atenge lisiti. Kwa inu oyendetsa galimoto za kuntchito, lisiti ndi limene lingakubwezereni ndalama yanu ku ofesi. Kwa tonsefe, lisiti ndi umboni wakuti ndalamayo yalowa m'thumba la misewu, osati m'thumba la munthu. Wina akakuuzani kuti perekani zochepa mudutse opanda lisiti, kanani.

Amene mumayenda pa basi mwina mukuti nkhaniyi sikukukhudzani. Ikukukhudzani ndithu, kungoti ya geti yanu inabisala mu tikiti. Chimodzimodzi thumba la feteleza ndi la simenti limene lafika kwanuko pa lole, linadutsa pa geti, ndipo wogulitsa sanaiwale kuwerengera.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndiye ndikusiyireni ntchito ya kunyumba. Ganizirani ulendo umene mukuyembekeza kuyenda miyezi ikubwerayi, kaya ndi wa ku Blantyre, wa ku Lusaka kapena wa ku Joni. Tengani pepala usiku uno. Kodi mungathe kutchula mageti onse a pa msewu umenewo motsatana, osafunsa munthu? Pamene mwakakamira, ndi ndani amene wadutsa kumeneko posachedwa woti mumuimbire mawa? Nanga pa ulendo wanu womaliza wa pagulu, analipira pa geti ndani, ndipo anabwezeredwa?

Inu madalaivala a mathiraki ndi mabasi amene mumadutsa misewu imeneyi sabata ndi sabata, tilembereni kapena tiimbireni mutiuze zimene zasintha kumene mwadutsa, tidzawerenge pa pulogalamu ikubwerayi kuti anzanu amve. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakambirana za mapepala a galimoto amene amafunika pa boda.